NYIMBO IMODZI SACEZERA GULE

M'mizinda yaikuru ya maiko ambiri muli nyumba zimene anazimanga kuti azisungiramo zithunzi zojambula ndi manja pamodzi ndi zosemasema. Munthu akalowa m'nyumba zotere amapeza anthu alikuyenda monyang'ama, nalankhulana monong'ona monga ngati m'cipinda cina mwagona wodwala. Alipo anthu ophunzira, ena a iwo a maudindo akuru, amene amati umo ndimo ziyenera kukhalira, pakuti nyumba ya zithunzi ndi malo a maso, ndipo makutu ayenera kudikira panja. Aliponso ena ofatsirako pang'ono, amene amalola kuti mulowe piyano ndi vayolini. Koma akamva za ng'oma, za gitala kapena za lipenga la jazi, nkhope zao zimagwa, nati zimenezo nza ku mowa. Magulu onse awiri alakwa, koma aciwiriwa alakwa koposa, cifukwa kulakwa kwao kwabvala jekete ndi tayi, ndipo anthu ambiri amakuyesa nzeru.

Oyamba aja sabvuta kuwayankha, popeza dzina la nyumba imene amaiteteza liwatsutsa lokha. Mau a Cingerezi akuti museum anacokera kwa Agriki akale, ndipo tanthauzo lace ndilo nyumba ya Muse, milungu yaikazi isanu ndi inai imene Agrikiwo ankati iyang'anira ndakatulo, magule ndi nyimbo. Mau akuti music anaphuka pa tsinde lomwelo. Tsono amene apitikitsa nyimbo m'nyumba imeneyi apitikitsa mwini nyumba, nasunga mipando yace.

Koma za maina zikhale apo. Zocitika ndizo ziri ndi mphamvu. Pamene nkhondo yaikuru yaciwiri inali kuyandikira m'caka ca 1939, akuluakulu a National Gallery, nyumba yaikuru ya zithunzi ya mu London, anacotsa zithunzi zonse poopa mabomba a ndege za Ajeremani, nazitumiza ku dziko la Wales, kumene pambuyo pace anazibisa m'mapanga a mgodi wa miyala wa Manod. Pa zipupa panatsala mafelemu opanda kanthu. Nyumba zoimbiramo za mumzindamo zinali zitatsekedwa, ndipo usiku magetsi sanali kuyatsidwa. Apo mai wina wodziwa kuimba piyano, dzina lace Myra Hess, anapempha woyang'anira nyumbayo, Kenneth Clark, kuti amlole kuimbira anthu masana pa nthawi ya cakudya. Anayamba pa 10 October 1939, ndipo polowa munthu ankapereka sileni imodzi. Anthu anadza ambirimbiri: makalaliki, asilikari, anamwino, ndi ena amene kale sanali kulowamo konse. Mabomba atayamba kugwa m'caka ca 1940, oimba anatsikira m'cipinda ca pansi napitiriza nchito yao. Pofika pa 10 April 1946 anali ataimba nthawi 1,698, ndipo amene anadzamvera anaposa 750,000. Maiyo sanalandire malipiro; ndalama zinapita ku thumba lothandiza oimba osowa. M'zaka za nkhondo nyumba ya zithunzi inakhala ya moyo ngakhale cuma cace cinali kutali, ndipo cimene cinaisunga ndico cinthu comwe ena amati ciyenera kudikira panja.

A gulu laciwiri aja akamva nkhani imeneyi amaomba m'manja, pakuti zimene zinaimbidwa mu London zinali nyimbo za Bach, Mozart, Beethoven ndi anzao, ndiye kuti nyimbo zimene iwo amaziyesa zaulemu. Ayambe aleka kuomba m'manjako, amve za Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kumene makolo ambiri a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke anakagwira nchito m'masiku a Citaganya.

Kumeneko anatsegula nyumba ya zithunzi m'caka ca 1957, naicha Rhodes National Gallery, ndipo woyang'anira wace woyamba anali Frank McEwen. Mzindawo unali wa tsankho loopsa: munthu wakuda ankagona ku malokesheni monga Harari ndi Highfield, nayenda ndi citupa m'thumba. Koma m'mwezi wa August 1962 McEwen anaitanitsa msonkhano waukuru wa za luso la anthu a mu Afrika. Anabwera akatswiri a zithunzi ocokera kutali, monga Alfred Barr wa ku New York, Roland Penrose wa ku London ndi Tristan Tzara wa ku Paris. M'nyumbamo anaikamo zosema zakale za mitundu ya mu Afrika, kuti anthu aone mmene zinaphunzitsira ojambula a ku Ulaya monga Picasso. Ndipo McEwen sanakhutire ndi zoona ndi maso zokha, koma anaitananso oimba. Anadza anthu a mtundu wa Chopi ocokera kumwera kwa Mozambique ndi timbila zao, ndipo kunamvekanso gulu loimba ng'oma za migolo yacitsulo za ku cisumbu ca Trinidad.

Zipangizo ziwirizi nzoyenera kuzilingalira bwino, cifukwa zimaphwanya msinkhu wonse umene ophunzira aja amayesera nyimbo. Timbila ndi abale a ulimba ndi silimba. Amazisema ku mtengo wa mwenje umene amayamba auumitsa pa moto, ndipo pansi pa thabwa liri lonse amamangapo cigubu cace, nacimata ndi phula kuti mau akule. Pa gulu limodzi pamakhala zazing'ono ndi zazikuru, nthawi zina kufikira 30, ndipo gule wao amakhala ndi zigawo zambiri zotsatizana monga mmene wopeka anazikonzera, ndi mau odzudzula mafumu ndi olamulira. Hugh Tracey analemba buku lonse la oimba amenewa m'caka ca 1948, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linaika timbila pa mndandanda wa cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Nanga migolo ya ku Trinidad? Adzukulu a akapolo a kumeneko analetsedwa ndi Boma la Angerezi kuimba ng'oma za zikopa m'zaka za m'ma 1880. Anayamba kugogoda nsungwi, kenaka zitini, ndipo potsiriza anyamata a m'makomboni osauka anatola migolo ya mafuta yotayidwa, naisula ndi nyundo kufikira malo ali onse a pamwamba pace analira ndi liu lacelace. Cina ncamakolo, cina ncocokera ku dzala. Kodi pa ziwirizi caulemu nciti, ndipo ca ku mowa nciti? Amene angayankhe msanga aonetsa kuti samvera ndi makutu, koma amayamba waona khungu ndi zobvala za woimba. Miyezi yowerengeka msonkhano uja utatha, m'mwezi wa December 1962, cipani ca Rhodesian Front cinapambana pa cisankho, ndipo tsankho linakula. Komabe kwa masiku aja nyumba imodzi ya mu Salisbury inaonetsa kuti khomo lingathe kutsegukira onse.

Ojambula eni ace sanazindikirepo malire amene alonda a nchito zao amawaika. Piet Mondrian, wojambula wa ku Holland, anafika ku New York m'caka ca 1940 pothawa nkhondo ali nkhalamba ya zaka 68, ndipo anakondwa kwambiri ndi nyimbo za piyano zobvinira za anthu akuda a ku Amerika zochedwa boogie-woogie. Cithunzi cimene anatsiriza m'caka ca 1943, ca timabokosi tacikasu, tofiira ndi tobiriwira ngati thambo, anacicha Broadway Boogie Woogie, ndipo cimasungidwa m'nyumba ya Museum of Modern Art ya mumzinda womwewo. Gerard Sekoto wa ku South Africa, amene cithunzi cace cinagulidwa ndi Johannesburg Art Gallery m'caka ca 1940, atapita ku Paris m'caka ca 1947 ankapeza cakudya poimba piyano m'nyumba zomwera. Manja amene anagwira burashi masana ndi omwewo amene anaimba usiku. Kulandira cithunzi ca munthu ndi kukana nyimbo imene inamdyetsa kuli ngati kulandira nkhuku ya mlendo ndi kummana mpando.

Otsutsa ali ndi mau ena amene sayenera kunyozedwa. Amati phokoso lalikuru limagwedeza zipupa, ndipo utoto wakale ungathe kusweka ndi kuyoyoka. Amatinso khamu la anthu obvina lingagunde cosema ndi kucigwetsa. Izi nzoona, koma mankhwala ace ngodziwika. Nyumba ya ku New York ija inayamba kuimbitsa jazi m'caka ca 1960, ndipo inatero pabwalo lace, m'munda mmene muli zosema zamkuwa ndi zamiyala, zimene siziopa lipenga. Kalimba ndi bangwe, zimene mau ao ngofatsa koposa a piyano, zingaimbidwe m'kati pafupi ndi zithunzi popanda coopsa ciri conse. Ng'oma ndi magitala a magetsi zipite pakhonde kapena pabwalo. Mlandu uwu ngwa muyeso wa phokoso ndi malo, ndipo woyang'anira wanzeru amauweruza ndi cingwe coyesera. Koma pamene munthu alola gulu la anthu 40 oimba nyimbo za m'chalichi ndi mau onse, nakana mnyamata mmodzi wa banjo ponena kuti aononga zithunzi, pamenepo cimene aliteteza si utoto ai.

Mau olemera koposa ndi a akuluakulu a kumudzi, amene amati si gule ali yense angacotsedwe pamalo pace. Apa mpofunika kugonja. Gule wamkuru ali ndi eni ace, ali ndi dambwe lace, ndipo amaturuka pa maliro, pa cinamwali ndi pa miyambo ya mafumu, monga Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Vimbuza ndi mankhwala a wodwala. Kalaliki wa mumzinda alibe mphamvu yoitanitsa zimenezi ndi kalata monga aitanitsira makatoni a coko. Eni ace akalola, nanena okha cimene cingaonetsedwe ndi cimene sicingaonetsedwe, ziri bwino, akakana, akana. Koma magule otere ngowerengeka. Cimtali, citelele, ngoma ya Angoni, kalela wa ku Migodi, nyimbo za pamtondo, za kwaya, za kalindula, zonsezi zinapangidwira kuti anthu azimve poyera, ndipo kubisala kumbuyo kwa dambwe pofuna kuzikana zonse ndi cinyengo.

Nkhaniyi ikhudza Zambia kwambiri, cifukwa nyumba zace zosungiramo zakale, kuyambira ya ku Livingstone imene inayamba m'caka ca 1934 kufikira ya mu Lusaka imene inatsegulidwa m'caka ca 1996, zimasunga zithunzi, zosema ndi zipangizo zoimbira pansi pa denga limodzi. Cithunzi cikapacikidwa pa cipupa cafika kwao, pakuti anacipangira kuonedwa. Ng'oma siiri comweco. Mwana wa sukulu angaime pa galasi nawerenga kapepala konena dzina la ng'oma, mtundu wa mtengo ndi mudzi kumene inacokera, koma adzaturuka osadziwa kuti mbalule amaiwamba pa moto isanalire, kuti phula la pakati pace ndilo limatsitsa liu, kapena kuti woimba amayang'ana mapazi a wobvina ndi kuwayankha. Zimenezi sizilembeka pa kapepala. Ndipo si zamakolo zokha zimene ziri pangozi. Alick Nkhata, amene mau ace anadziwika m'midzi yonse pa wailesi ya mu Lusaka, anaphedwa m'caka ca 1978. Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989. Ambiri a oimba a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970 anapita, ndipo mbale zao zinayamba kufunidwa ndi kusindikizidwanso ku Amerika ndi ku Ulaya pamene kwao zinali zitasowa. Akale anati nyimbo imodzi sacezera gule, ndipo mbiri ya dziko singamveke ndi mtundu umodzi wa nyimbo.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ndiwo adzakhala aphunzitsi, makhansala ndi oyang'anira nyumba zimenezi, ndipo ambiri a iwo aturuka m'kalasi ataphunzira, popanda wowauza poyera, kuti cimene agogo ao amaimba ncocititsa manyazi. Adziwe tsono kuti mai wogulitsa tomato ku msika salowa m'nyumba ya zii yokhala ndi mlonda pakhomo, ngakhale msonkho wace ndiwo umalipira mlondayo; amaiyesa ya Azungu ndi ya a madigiri. Koma akamva ulimba pabwalo Loweruka masana adzaima, ndipo mwana amene wamgwira pa dzanja adzamkokera m'kati kukaona zithunzi. Pokonza tsiku lotere wina adzanena kuti woimba piyano alipidwe ndi ceke, koma nkhalamba ya ulimba ipatsidwe nsima ndi ndalama ya basi. Pamenepo m'buku la ndalama mulembedwe mtengo umodzi pa maina onse awiri, ndipo dzina la nkhalambayo lisindikizidwe pa cikalata coitanira anthu ndi zilembo zofanana kukula ndi za mnzaceyo.