Vaneti siizima popanda cifukwa

Caka ciliconse nyengo ya malonda a mbewu ikafika, miseu ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi idzala ndi magalimoto ang'onoang'ono a katundu amene anthu awacha mavaneti. Ndiwo anyamula cimanga, nshawa, thonje ndi soya kucoka kumidzi kupita kumisika, ndiwo abwera ndi feteleza mvula ikayandikira, ndipo mayi wapakati akavutika pakati pa usiku ndiwonso athamangira naye ku cipatala ca St Francis, cimene catumikira anthu a dera lino kuyambira mu 1948. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma miseu yambiri yolowa m'midzi ikali ya fumbi, ndipo kumeneko basi yaikulu siifika.

Cotero ndi cinthu comvetsa cisoni kuona mavaneti ambiri ataima m'mbali mwa mseu wa Great East ndi wa ku Chanida, boneti ili yasa, matumba a mbewu ali padzuwa, anthu atakhala pansi pa mtengo kuyembekezera thandizo. Eni ake ena, galimoto ikazima kawiri katatu, ayamba kukayikira abale ao kuti awacita cipongwe cifukwa ca nsanje. Ena athamangira ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula pampu yatsopano ndi ndalama zonse za thonje, koma pobwerako apeza kuti matenda akalipo. Onsewa alakwa pa cinthu cimodzi: afuna mankhwala asanadziwe nthenda. Vaneti siizima popanda cifukwa, ndipo kawirikawiri icenjeza mwini wake masiku angapo isanagone.

Injini ifuna zinthu zitatu kuti igwire nchito: mafuta oyera, mpweya wokwanira ndi moto. Mu injini ya petulo moto ucokera ku mapulagi, pamene mu injini ya dizilo mafuta ayaka okha cifukwa ca kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri. Cimodzi ca zitatuzi cikaperewera, galimoto ifooka kapena izima. Tsono woyendetsa wanzeru, asanagwire sipanala, ayamba wakumbukira zimene galimoto inacita isanaime. Kodi inazima mwadzidzidzi kapena inayamba ndi kutsamwa? Kodi inali pacitunda kapena pacidikha? Utsi unali wotani, ndipo muvi woonetsa kutentha unali pati? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo aloza kumene kuli vuto, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Poyamba pofunika kuyang'ana ndi kumafuta. Vaneti imene iyenda bwino pacidikha koma ikafika pacitunda iyamba kudukiza ndi kutha mphamvu, nthawi zambiri ili ndi sefa ya mafuta yotsekeka ndi zinyalala. Pamalo osalala injini imwa mafuta ocepa, ndipo ocepawo akhoza kudutsa. Pacitunda ifuna ambiri, koma njira ndi yothina. Sefa imeneyi ndi kacipangizo kochipa koposa poyerekeza ndi pampu, ndipo kuisintha sikutenga ola. Pansi pa sefa ya mavaneti ambiri a dizilo pali kambiya kosonkhanitsa madzi, kokhala ndi kampopi kotulutsira madziwo, koma oyendetsa ambiri atha caka cathunthu osakatsegula ngakhale nyale yocenjeza iyake.

Madzi ndi zinyalalazi zilowa bwanji m'thanki? Dizilo afika m'dziko muno kudzera m'paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968 ndipo italika makilomita 1,710 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, kapena m'magalimoto a mathanki ocokera kumadoko monga Beira. Ulendo wonsewo mafuta asungidwa mosamala, koma aonongeka pamapeto peni peni, m'zigubu ndi m'madiramu a dzimbiri ogulitsidwa kuseri kwa nyumba. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, motero akhala pansi pa diramu ndi pansi pa thanki, pomwe paipi iyamwira. Ogulitsa ena osakhulupirika asakaniza dizilo ndi palafini, ndipo palafini alibe kuterera kumene pampu ifuna, cotero pampu idyeka mkati pang'onopang'ono. Kuyesa kwake ndi kosavuta: munthu athire mafuta pang'ono m'botolo loyera ndi kulikhazika pansi kwa mphindi zingapo, ndipo ngati muli madzi adzaoneka pansi pa botolo. Kabungwe ka Energy Regulation Board ndiko kapereka cilolezo kwa ogulitsa mafuta, ndipo wogula pamalo a cilolezo ali ndi kokadandaula. Wogula m'cigubu akapsa alibe kolowera.

Palinso zinthu zina ziwiri zazing'ono za kumafuta komweko. Vaneti ya dizilo ikatherwa mafuta panjira, mpweya ulowa m'mapaipi, ndipo ngakhale athiremo ena siilira kufikira mpweyawo utacotsedwa ndi kapampu ka dzanja kamene kakhala pamwamba pa sefa. Kulimbikira kuliza ndi kiyi kungotha batire. Cinanso, kabowo kolowetsa mpweya m'thanki kakatsekeka ndi matope, galimoto iyenda mtunda pang'ono nkuzima, ndipo potsegula citsekero ca thanki pamveka mpweya ukulowa mwamphamvu.

Caciwiri ndi mpweya. Pa lita imodzi ya petulo, injini ipuma mpweya woposa malita 9,000, ndipo wonsewo udutsa m'sefa imodzi ya pepala. Kuyambira mu June kufikira mvula itagwa, makamaka kumapeto kwa August pamene magalimoto atsatana kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, fumbi ndi losaneneka. Sefa ikadzala, injini ibanika ngati munthu wa cifuwa, itulutsa utsi wakuda ndipo imwa mafuta ambiri. Ena acotseratu sefa ndi kuyenda popanda, nakondwera kuti mphamvu yabwerera. Kumeneku ndi kupha galimoto ndi manja, cifukwa fumbi lipala mkati mwa injini monga mcenga upalira mphika.

Utsi nawonso uli ndi uthenga wake. Wakuda usonyeza kuti mafuta acuruka kuposa mpweya, kaya cifukwa ca sefa, kaya cifukwa ca mainjekita otha. Wabuluu usonyeza kuti injini ili kutentha oilo, ndiko kuti zamkati zadyeka. Woyera umene suleka ngakhale injini itatentha, makamaka ngati madzi a m'ladiyeta acepa tsiku ndi tsiku, usonyeza kuti madzi ali kulowa momwe muyakira mafuta, ndipo vaneti yotere iyenera kupita kwa makanika msanga.

Kutentha kwa injini ndi mdani wina, makamaka m'mwezi wa October. Udzu, mankhusu ndi thonje zimatirira kumaso kwa ladiyeta, lamba wa fani alefuka kapena aduka, madzi adontha, ndipo galimoto iyamba kufooka muvi wa kutentha utakwera. Pamenepo woyendetsa ayenera kuima ndi kudikira. Citsekero ca ladiyeta sicitsegulidwa injini ili yamoto, pakuti madzi owira athovukira kumaso, ndipo kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kukhoza kuing'alula.

Cacitatu ndi magetsi. Vaneti yozima mwadzidzidzi ngati nyale yofuziridwa, makamaka pamseu wa mabampu, kawirikawiri ili ndi waya womasuka. Mitu ya batire igwedera kapena imera zoyera ngati mcere, ndipo kuipala ndi kuimanganso kutha vuto popanda kulipira ngwee. Ngati nyale ya batire iyaka galimoto ili paulendo, ndiye kuti batire silili kulandira moto. Pa vaneti ya petulo, mapulagi otha acititsa injini kunjenjemera, ndipo koilo yofooka izimitsa galimoto ikatentha koma ilola kuti ilirenso ikazizira.

Nthawi zina injini ilibe mlandu konse. Ikalira kwambiri koma galimoto osathamanga, ndi fungo la cinthu copserera, vuto lili ku kilachi. Ngati gudumu limodzi litentha kuposa anzake, mabuleki agwira. Koma cacikulu pa zonse ndi katundu. Vaneti yopangidwira tani imodzi iyenera kusenza matumba 20 a makilogramu 50, ndipo anthu okwerapo awerengedwa pa kulemera komweko. Mwini wake akaikapo matumba 35 ndi anthu khumi pamwamba, nakakwera nayo zitunda za ku Vubwi kapena mapiri a pakati pa Nyimba ndi ulalo wa Luangwa, sayenera kudabwa kilachi ikapsa. Phindu la ulendo umodzi lithera pa kukonzetsa kwa mwezi wathunthu.

Mavaneti atsopano a dizilo asiyana ndi Peugeot 404 ndi Datsun za kale zimene makanika wa pansi pa mtengo anali kumasula ndi maso otseka. Atsopanowa ayendetsedwa ndi kompyuta, imene ikaona colakwika iyatsa nyale ndi kucepetsa dala mphamvu ya injini kuti isaonongeke. Mafuta m'mapaipi ake apanikizidwa koopsa kotero kuti akhoza kuboola khungu la munthu, ndipo kumasula mapaipiwo injini ili kulira ndi kusewera ndi moyo. Galimoto yotere ipite ku galaji imene ili ndi makina owerengera colakwa. Safunsa anadya phula.

Nkhani imeneyi ikhudzanso miyoyo ya anthu okwera. Injini ikazima, mabuleki alimba ndipo ciwongolero cilemera, motero cizolowezi cozimitsa injini potsetsereka pofuna kusunga mafuta ciyenera kulekeka. Vaneti ikafera pamseu, ikankhidwire kumbali, magudumu atsekedwe ndi miyala, ndipo zizindikiro zofiira za makona atatu ziikidwe kutsogolo ndi kumbuyo. Pocoka, miyala ndi nthambi zisasiyidwe pamseu kuti zikagwetse wanjinga usiku.

Cotero mwini vaneti aliyense ayenera kuyenda ndi sefa ya mafuta yapadera, lamba wa fani, masipanala ndi madzi, ndiponso kusunga kabuku kolembamo tsiku limene anasintha oilo ndi masefa. Makanika nao ayambe ndi zochipa asanachule zodula, ndipo aonetse mwini galimoto cipangizo cimene acotsa. Oyendetsa aphunzire kufotokoza bwino zimene galimoto inacita, cifukwa wodwala wosanena pamene pawawa avutitsa sing'anga. Mudzi umene uli ndi vaneti imodzi udalira galimoto imeneyo pa malonda, pa matenda ndi pa maliro, ndipo kuisamala ndi udindo umene mwini wake ali nao kwa anthu onsewo.