Kukhala chete sikukhululuka

Pa 4 Outubro chaka ndi chaka timakumbukira tsiku lija la mu 1992 pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Roma, ankhoswe ake ali a Sant'Egidio ndi Dom Jaime Gonçalves wa ku Beira. Ife amene tinali ana nthawi imeneyo tinabwerera ndi makolo athu, ena kuchokera ku Ukwimi m'Zambia, ena ku Malawi, nkupeza minda ya kuno ku Chifunde itasanduka thengo. Boma linafafaniza milandu ya nkhondo ndi lamulo, ndipo akuluakulu anati zapita, tisazitchulenso.

Sitiwadzudzula. Kukhala chete kuja kunatilola kulima moyandikana ndi kutunga madzi pa chitsime chimodzi. Koma patha zaka zoposa 30, ndipo tiyenera kuvomera kuti zambiri tinangozikwirira ngati moto wa m'phulusa.

Taonani zimene zimachitika mnyamata akapeza mbeta. Agogo amangoti banja limenelo ayi, osanena chifukwa, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti malume a mtsikanayo ndiwo analondolera asilikali ku nkhokwe zathu. Mtsikanayo anabadwa mfuti zitaleka kale kulira. Pa Misa napo timasankha mpando wakutali, kuti nthawi yopatsana mtendere dzanja lathu lisakumane ndi dzanja lija. Kenaka tonse timandanda kukalandira Ukaristia.

Pa Mateyo 18 Petulo sanafunse za mlendo wakutali. Anafunsa za mbale, munthu amene adzamuonanso mawa m'mawa. Ndipo Papa Francisco, pa Misa ya ku Zimpeto pa 6 Setembro 2019, analalika za kukonda adani akudziwa bwino kuti akulankhula kwa anthu amene adani awo ali ndi maina.

Ife akatekista timalakwa mwina: timafulumizitsa mayi wamasiye kuti akhululuke Lamulungu lisanafike, ngati kuti bala la mtima limapola ndi belu. Kuleza mtima kumene timamupempha, nafenso timuonetse. Ayambe ndi zimene angathe: kuyankha moni, kukakhala nawo pa maliro, kutchula cholakwacho pamaso pa wansembe kapena akulu a mpingo, wolakwayo ali pomwepo ngati alola. Koma tisachedwenso dala. Ambiri amene analakwa ndi okalamba tsopano, ena tinawaika kale osapepesa, ndipo mnyamata uja akudikirabe yankho la agogo ake.