Chingerezi si kuloweza mawu akuluakulu

Aliyense wodutsa pa Maselema m'mamawa, mumsewu wa Masauko Chipembere wopita ku Limbe, amawaona anyamata ndi atsikana ataima pazipata za makampani, maenvelopu a khaki ali m'manja. Ena atsika minibasi kuchokera ku Bangwe, ena ayenda wapansi kuchoka ku Ndirande kapena ku Zingwangwa pofuna kupulumutsa ya thiransipoti. M'maenvelopumo muli makalata ofunsira ntchito, ndipo ambiri mwa makalatawo sayankhidwa.

Ntchito n'zochepa, zimenezo palibe angatsutse. Koma pali chifukwa china chomwe timachita nacho manyazi: kalata yomweyo imamugwetsa mwana asanaonane n'komwe ndi bwana. Mzere woyamba umati, "Because I have MSCE and I am a hardworking person." Basi, waika mpumiro. Wowerenga akudikira kuti amve chotsatira, koma nkhani yathera m'malere. Mawu onse ndi achingerezi chabwinobwino, koma chiganizo palibe.

Makolo ambiri akudziwa kale kuwawa kwa phunziroli. Malamulo a bungwe la Maneb amati wofuna satifiketi ya MSCE akhoze maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Mwana atha kuswa masamu ndi sayansi, koma akapeza 9 pa Chingerezi ndiye kuti satifiketi palibe. Kuyunivesite nako amafuna kirediti ya Chingerezi. Ndiye tikaona ana akugwa chaka ndi chaka, timathamangira kulipira patitaimu kapena kugula dikishonale, poganiza kuti mwana akusowa mawu. Ife tikuona kuti chomwe chikusowa kwambiri ndi luso lomanga chiganizo.

Chodabwitsa n'choti nkhaniyi si yachilendo kwa mwana amene anamvetsera m'kalasi ya Chichewa. Kumeneko anaphunzira za mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani. Anaphunziranso za chiganizo chopanda nthambi, cha ziganizo zingapo ndi cha nthambi. Chingerezi chilinso ndi zomwezo, kungoti mayina asintha.

Chopanda nthambi, chomwe amati simple sentence, chimanena ganizo limodzi lathunthu: "Chikondi sells tomatoes." Mukalumikiza awiri otere ndi mlumikizi monga and, but kapena or, mwapanga compound sentence: "Chikondi sells tomatoes, but her brother repairs bicycles." Mbali iliyonse itha kuima payokha, ngati nyumba ziwiri zogundana khoma.

Pomwe ana ambiri amapunthwa ndi pa mtundu wachitatu, complex sentence. Apa pamakhala nthambi yoima payokha ndi ina yosaima payokha, yoyamba ndi mawu monga because, when, if kapena although. "When the rain stopped, Chikondi opened her stall." Mukadula pa mpatuliro n'kungosiya "When the rain stopped," mwatsala ndi khonde lopanda nyumba. Ndi zomwe zachitika m'kalata ya mnyamata wa pa Maselema uja. Akanangowonjezera kuti "I believe I can do this job," kalata ikanaima bwino. Mtundu wachinayi umangophatikiza iwiri yomalizayi, ndipo mwana wodziwa bwino itatu yoyambayo savutika nawo.

Tsono bwanji ana anzeru ndithu amalakwitsa? N'chifukwa choti amaganiza m'Chichewa, zomwe si tchimo, kenaka n'kuveka ganizolo mawu achingerezi osasintha mamangidwe ake. M'Chichewa timati, "Ngakhale anadwala, koma anabwera kusukulu," ndipo palibe angadzudzule. Mwana akalemba kuti "Although she was sick, but she came to school," wochonga mayeso amadula malikisi, poti Chingerezi chimalola mlumikizi mmodzi yekha pamenepo: although kapena but, osati onse awiri.

Chichewa chimathanso kunyamula chiganizo chonse m'mawu amodzi. "Ndidzakuuzani" muli wonena, wouzidwa ndi nthawi yomwe. Chingerezi chimafuna mawu anayi pamzere wake: "I will tell you." Ngakhale mvula siigwa yokha m'Chingerezi, pamafunika kamawu koti it, n'kuti "It is raining."

Palinso nkhani ya kasanjidwe ka mawu. Katswiri wa zilankhulo wa kuno kwathu, Sam Mchombo, pamodzi ndi mnzake Joan Bresnan, anasonyeza mu 1987 kuti Chichewa chimalola kusuntha mawu m'chiganizo malinga mneni ali ndi kachizindikiro kolozera chinthu chochitidwacho. N'chifukwa chake "Chikondi anaigula mbuzi" ndi "Mbuzi anaigula Chikondi" zimanena chinthu chimodzi. Yesani zimenezo m'Chingerezi muone: "The goat bought Chikondi." Mbuzi yagula munthu! Kumeneko, m'chiganizo chotere, amene watchulidwa poyamba ndiye wochita.

Zinthu ngati izi mphunzitsi angathe kuzifotokoza m'mphindi khumi atayika ziganizo ziwirizo pabolodi, cha Chichewa pamwamba, cha Chingerezi pansi. Koma m'masukulu ambiri Chichewa chimaonedwa ngati mdani wa Chingerezi, ndipo ena a ife tikukumbukira kulangidwa chifukwa cholankhula chilankhulo chathu pabwalo la sukulu. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Cholinga chinali chabwino, koma lamulo palokha silichonga kope la mwana.

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Kuyambira 1994, pomwe maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 sangapereke chimangirizo sabata iliyonse n'kuchichonga chonse. Chotsatira chake amangolembetsa manotsi ndi mafunso osankha A, B, C kapena D. Mwana amafika Folomu 4 akudziwa kuloweza tanthauzo la complex sentence, koma atalemba yekha masamba owerengeka chabe. Tsiku la mayeso amathawira ku mawu akuluakulu omwe analoweza, n'kulemba ndime yonse yopanda mpumiro, "and then" akutsatana ngati mabogi a sitima ya ku Nayuchi.

Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti poyendera masukulu uziona makope a chimangirizo, uwerenge kuti ana alemba kangati pa teremu ndipo kangati kachongedwa. Aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi pasukulu imodzi azikhalirana pansi, poti akuphunzitsa galamala yofanana m'zipinda ziwiri zosiyana.

Inu makolo a ku Luchenza, Balaka, Mponela ndi kwina konse, musati poti Chingerezi simuchidziwa ndiye mulibe gawo. Madzulo muuzeni mwana alembe ziganizo zisanu za zomwe waona kumsika, kenaka akumasulireni chimodzichimodzi m'Chichewa. Akanena kuti "Chifukwa kunagwa mvula" n'kukhala chete, mufunseni kuti, "Ndiye kunatani?" Ndipo kwa amene mukulipira patitaimu mwezi ndi mwezi, pemphani kuona kope lomwe mwana walembamo nkhani yakeyake, lili ndi inki yofiira ya mphunzitsi, musanapereke ndalama ya mwezi wamawa.