Pepani sapoletsa chilonda: za mbalame yovulala ndi timibulu ta shuga



Makolo athu adati, "Pepani sapoletsa chilonda." Munthu ukamponda chala ndi kumupepesa, mtima wake umatsika, koma chalacho chimatupabe. Tanthauzo lake n'lakuti chisoni chikhale ndi manja odziwa ntchito, apo ayi wovulalayo sapindula kanthu. Lero ndifuna tiuyeze mwambi umenewu pa nkhani ya mbalame zam'tchire.

Ife a kuno timakhala pakati pa mbalame. Kumunsi kwathu, motsata Shire, kuli dambo lalikulu lija lotchedwa Elephant Marsh, dzina limene adalipatsa David Livingstone mu 1859 ataonamo njovu mazanamazana. Njovuzo zidatha kalekale, koma nkhwazi, akakowa, atsekwe ndi anantchengwa akadalimo. Mu 2017 damboli, la mahekitala oposa 61,000, lidalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Pochuluka mbalame pamachulukanso zovulala: ina yalasidwa ndi legeni, ina yamatidwa ndi ulimbo, ina yakodwa mu ukonde wa asodzi, ina yawomba waya wa magetsi kapena galimoto pa msewu wopita ku Nchalo.

Kale mnyamata akatola njiwa yothyoka phiko ankati wapeza ndiwo. Masiku ano ambiri a inu mukaitola mumafuna kuichiza, ndipo mtima umenewo ndikuuyamikira. Chimene chandilembetsa ndi mankhwala amene ena mwayamba kuwakhulupirira, otchedwa homeopathy. Ku Johannesburg, ku Durban ndi ku London amagulitsidwa m'timabotolo, timibulu toyera tonga mapira, ndipo eni ake amati ka Arnica kamodzi kakaikidwa kukamwa kwa mbalame yovulala, mantha ndi kutupa zimatha. Maganizo anga ndi awa: timibulu timeneti ndi "pepani" wa m'botolo. Timatonthoza wopereka, chilonda chili chikhalire.

Ndifotokoze chifukwa chake. Njira imeneyi adaiyambitsa dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796. Iye ankaphunzitsa kuti chinthu chimene chimadwalitsa munthu wabwinobwino chingachize wodwala nthenda yofanana nayo, malinga chisungunulidwe kwambiri. Amatenga dontho limodzi la mankhwala, kulithira m'madontho 99 a madzi kapena mowa, n'kukhutchumula. Pamenepo atapanso dontho limodzi, kulithira m'madontho ena 99, n'kukhutchumulanso. Botolo lolembedwa 30C ndiye kuti achita zimenezi maulendo 30. Inu amene mudakhoza masamu werengerani: pofika ulendo wa 10 zikufanana ndi dontho limodzi lothiridwa m'nyanja yonse ya Malawi, ndipo kwatsala maulendo ena 20. Chimene chimadonthezedwa pa kambulu ka shuga kaja ndi madzi chabe.

Hahnemann tisamuseke. M'masiku ake madokotala ankachiza pokhetsa magazi a wodwala ndi kumumwetsa mankhwala a poizoni, kotero wodwala amene wapatsidwa madzi okha n'kusiyidwa kuti apume ankachira msanga kuposa mnzake. Koma zaka zoposa 200 zapitapo, ndipo njirayi yayesedwa kambirimbiri. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, litaunika zofufuza zambiri lidati palibe nthenda ngakhale imodzi imene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy imachiza. Mu 2017 akuluakulu a zipatala za boma ku England adalangiza madokotala kuti aleke kulembera odwala mankhwalawa. Chaka chomwecho bungwe la madokotala a ziweto ku Britain, Royal College of Veterinary Surgeons, lidachenjeza kuti mankhwala opanda umboni otere asachedwetse kapena kulowa m'malo mwa chithandizo chodziwika.

Musasokoneze homeopathy ndi zitsamba za makolo. M'khungwa, m'muzu ndi m'tsamba muli mphamvu yeniyeni, yochiza kapena yopha. Kwinini wa malungo adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. Chifukwa cha mphamvu yomweyo, musamwetse kambalame madzi a nimu, kapena mapiritsi a anthu. Ku India miimba idatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1990 chifukwa chodya mitembo ya ng'ombe zimene zidabayidwa diclofenac, mankhwala oletsa ululu, mpaka boma lidawaletsa pa ziweto mu 2006. Chochiza ng'ombe chidapha mbalame.

Wina anena kuti, "Agogo, ine ndidaipatsa kambulu, patapita ola limodzi idauluka." Sindikukutsutsa, mdzukulu wanga, idaulukadi. Koma mbalame imene yawomba galasi la zenera n'kukomoka kawirikawiri imatsitsimuka yokha pakapita ola limodzi kapena awiri, ikangokhala pamalo a bata. Tambala amalira ndipo kunja kumacha, koma sitinena kuti tambala ndiye wakoka dzuwa.

Winanso ati, "Ngati ndi shuga chabe, ndiye palibe choipa." Choipa chilipo, ndipo n'chapawiri. Choyamba ndi nthawi. Mafupa a mbalame ndi opepuka, ambiri ndi amphako, ndipo amayamba kulumikizana m'masiku ochepa. Phiko lothyoka likapanda kuwongoledwa msanga limapola lopindika, ndipo nkhwazi ya phiko lopindika sidzagwiranso nsomba. Mbalame yolumidwa ndi mphaka, ngakhale bala lisaoneke, imatha kufa m'masiku awiri chifukwa cha tizilombo ta m'malovu a mphakayo, pokhapokha ipatsidwe mankhwala opha tizilomboto. Tsiku lililonse lodikira kuti kambulu kagwire ntchito ndi tsiku lotayika. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chachiwiri ndi kagwiridwe. Kwa mbalame yam'tchire, dzanja la munthu silisiyana ndi zikhadabo za mphamba. Kuigwiragwira, kuikanula mlomo, kuionetsa kwa ana a m'mudzi monse, zimenezi zokha zikhoza kuimitsa mtima wake. Komanso khomo la mpweya la mbalame lili pansi pakamwa, kuseri kwa lilime. Madzi othiridwa mokakamiza amalowera kumapapo, mbalame n'kutsamwa. Timati chifundo chidapha nkhwali, pokumbuka nkhwali ija idanyamula njoka kuithawitsa kumoto. M'nthanoyo adafa ndi wochita chifundo. Pa nkhani yathuyi kawirikawiri amafa ndi wochitiridwa chifundoyo.

Nanga tichite chiyani? Yambani mwaima patali ndi kuyang'ana. Kamwana ka mbalame kamene kali ndi nthenga zonse ndipo kakudumphadumpha pansi pa mtengo kakuphunzira kuuluka, make ali pafupi. Ingopirikitsani agalu ndi amphaka. Ngati mbalame ikutuluka magazi kapena phiko likulendewera, iphimbeni ndi chitenje, muinyamule mapiko ali ogundana ndi thupi. Kakowa ndi anzake a milomo yaitali amajompha diso, choncho nkhope ikhale kutali. Nkhwazi ndi kadzidzi chida chawo ndi zikhadabo. Iikeni m'katoni yoboola timabowo, pansi mutayala kansalu, ndipo muitseke. Mdima umaikhazika mtima pansi. Kuno kwathu, kumene dzuwa la Okutobala limapyola madigiri 40, katoniyo ikhale pamthunzi popita mphepo, kutali ndi khitchini ndi khola la nkhuku. Musaidyetse, musaimwetse. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, pakuti mbalame zam'madzi zimatha kunyamula chimfine cha mbalame. Mukapeza zambiri zitafa kapena zikudwala pamalo amodzi, musazikhudze ndipo musazidye, kanenezeni.

Kenaka funsani odziwa, poti safunsa adadya phula. Tili ndi alangizi a ziweto m'maofesi a zaulimi. Tili ndi ogwira ntchito za nyama zakutchire ku Lengwe ndi ku Majete, konkuno ku Chikwawa. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zovulala ndi zamasiye mpaka zitabwerera kutchire. Lamya ya m'manja imene muli nayo ingatumize chithunzi cha phikolo m'kanthawi kochepa. Dziwaninso kuti malinga ndi lamulo la nyama zakutchire, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Ndipo odziwawo akanena kuti mbalameyo singapulumuke, kuifupikitsira ululu n'chifundonso, ngakhale n'chowawa.

Mawu amodzi kwa anzanga achikulire. Nantchengwa takhala tikumuopa, chisa chake sitichiphwasula, ndipo mantha amenewo amusunga. Kadzidzi naye timamuopa, koma iye mantha athu amamuphetsa: akagwa wovulala pabwalo, miyala imamuthera akuti ndi mthenga wa mfiti. Chonsecho ndiye mlonda wa nkhokwe zathu, wodya makoswe usiku ife tili mtulo. Mwambo wosunga moyo tiugwiritse; wophetsa mlonda tiuunikenso.

Mbalame ikachira, ibwezeni pomwe mudaitola, m'mamawa, mutsekule katoni ndi kuchokapo. Sidzatembenuka kuti ithokoze, ndipo musayembekezere. Kuthawa kwakeko ndiwo umboni wakuti mwagwira ntchito bwino.

Tsalani bwino, adzukulu anga. Ndine agogo anu, kwa Katunga.