ZA M'MAIKO AKUTALI: Mtsinje wa Jordan ndi Nyanja ya Mchere

Awerengi athu a kumidzi, mlungu uno tikutengani ulendo wa kumpoto, kudziko limene Ayuda ndi Aarabu amamwera mtsinje umodzi. Dzina la mtsinjewo ndi Jordan, ndipo ambiri a inu munaumva m'tchalitchi monga Yordano. Pakumva mbiri yake munthu angaganize kuti ndi chimtsinje choopsa, koma ai. Utali wake ndi makilomita pafupifupi 250, ndiye kuti Shire wathu ndi wautali kuuposa.

Mtsinjewu umayambira patsinde pa phiri la Hermon, pamene timitsinje titatu, Dan, Banias ndi Hasbani, timakomana. Kuchokera apo madzi amatsikira m'Nyanja ya Galilee, imene utali wake ndi makilomita 21. Madzi a m'nyanjayi ndi abwino kumwa, ndipo asodzi amagwiramo nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba. Atatuluka m'nyanjamo, mtsinje umalandira madzi a Yarmouk ochokera ku Syria, nuyenda mokhotakhota m'chigwa chotentha kwambiri kufikira utathira m'Nyanja ya Mchere.

Nyanja imeneyi ndi yodabwitsa. Ili m'chidikha choposa mamita 430 kunsi kwa nyanja zazikulu, ndipo padziko lonse palibe mtunda wina wotsika chotere. Madzi akalowamo alibe potulukira. Dzuwa lokha ndilo limawamwa, mchere nkutsala. Chifukwa chake mcherewo ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa m'nyanja zazikulu. Nsomba sizikhalamo, ndipo munthu akagona pamadzipo amangoyandama ngati chikuni chouma. Azungu amaitcha Nyanja Yakufa, koma Aarabu amaitchanso Bahr Lut, ndiko kunena Nyanja ya Loti, pakuti nkhani ya Loti ndi midzi yoonongedwa ija imapezeka m'mabuku oyera a Ayuda, a Akhristu ndi a Asilamu omwe.

Chigwa chimenechi ndi cholemekezeka kwa zipembedzo zonse zitatu. Ayuda amakumbukira kuti makolo awo anawoloka mtsinjewu ndi Yoswa pafupi ndi Jericho, mudzi wa mitengo ya kanjedza umene uli mwa midzi yakale koposa padziko. Akhristu amakumbukira kuti Yohane anabatiza Yesu m'madzi omwewa. Asilamu amakumbukira nkhondo ya ku Yarmouk ya m'chaka cha 636, pamene ankhondo awo anagonjetsa Aroma a ku Constantinople, ndipo manda a Abu Ubaidah, mnzake wa Mneneri Muhammad, ali m'chigwa chomwechi. Onsewa amadziwa mtengo wake wa madzi. Msilamu amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, ndipo Myuda ali nalo pemphero lopempha mvula pakutha pa chikondwerero cha misasa.

Tsono imvani chimene chinachitikira mtsinjewu. Kumeneko mvula imagwa miyezi yozizira yokha, ndipo kumwera kwake ndi chipululu. Dziko la Israel litakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, anthu anachuluka tsidya lino ndi tsidya lija, pakuti Ayuda ambiri anafika kuchokera kumaiko ena, ndipo Apalestina ambiri othawa nkhondo anakakhala ku Jordan. Onsewa anafuna madzi akumwa ndi othirira minda. Boma la Jordan linakumba ngalande yaikulu yopatutsa madzi a Yarmouk, imene lero ikutchedwa dzina la Mfumu Abdullah. M'chaka cha 1964 Israel anatsiriza mipope ndi ngalande zotenga madzi a m'Nyanja ya Galilee kunka nawo kuchipululu cha Negev. Syria nayenso anamanga madamu kumtunda kwa Yarmouk.

Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo minda ya nthochi, tomato ndi malalanje inameradi pamene kale panali fumbi. Koma kunsi kwa mtsinje kunatsala chiyani? Madzi amene amafika ku Nyanja ya Mchere tsopano sakwana limodzi la magawo khumi a madzi amene ankafika kale, ndipo otsalawo ndi amchere ndi alitsiro. Kumwera kwa nyanjayo kulinso mafakitale amene amaumitsa madzi padzuwa kuti apeze potashi, uja amalowa mu feteleza. Motero nyanja ikuphwa kuposa mita imodzi chaka ndi chaka. M'mbali mwake, pamene madzi anachoka, nthaka imangogumuka mwadzidzidzi, ndipo maenje zikwizikwi ameza misewu ndi minda ya kanjedza.

Madzi omwewa anautsa udani. Pakati pa 1964 ndi 1967 Israel ndi Syria anaomberana mfuti chifukwa cha magwero a mtsinjewu. Pa nkhondo ya 1967 Israel analanda mapiri a Golan ndi dera la West Bank, ndipo kuyambira pamenepo alimi achipalestina a kumeneko satha kutunga madzi mu mtsinje umene ukuyenda m'malire mwa dera lawo. Mlandu wa dziko pakati pa anthu awiriwa sunathe kufikira lero.

Koma zabwino ziliponso. M'chaka cha 1994, m'masiku a Mfumu Hussein ndi nduna yaikulu Yitzhak Rabin, Jordan ndi Israel anapangana za mtendere, ndipo m'panganolo analembamo kagawidwe ka madzi, kuti Israel azipatsa Jordan madzi chaka chilichonse. Kusowa kunaphunzitsanso anthu nzeru. Ku Israel, katswiri wina dzina lake Simcha Blass anakonza njira yothirira mbewu ndi timipope todontheza madzi patsinde penipeni, ndipo kuyambira 1965 timipopeti tinayamba kupangidwa tambiri. Lero alimi a mbali zonse ziwiri za mtsinje amathirira motero. Ndiponso madzi ambiri akumwa m'mizinda ya Israel tsopano amachokera m'nyanja yaikulu ya Mediterranean, atawachotsa mchere ndi makina.

Inu amene muli ndi madimba, nkhaniyi siili kutali nanu. M'mwezi wa October mtsinje ukachepa, wa kumtunda akatseka madzi onse kuti athirire kabichi wake, wa kunsi amwetsa kuti ng'ombe zake? Khalani pansi pamodzi ndi a mfumu madzi asanaphwe, mugawane masiku othirira, ndipo musadule mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi ya pakasupe. Kupangana kumavuta mbewu zikayamba kufota ndipo mitima yatentha kale.

Mlungu wamawa tidzakusimbirani za mtsinje wa Nile ndi alimi a ku Egypt. Tsalani bwino.