Ulemerero wa hatchi ya mpikisano umatha liwiro likatha

Chaka chilichonse, Loweruka loyamba la mwezi wa July, khamu la anthu limasonkhana pa bwalo la Greyville mumzinda wa Durban kukaonerera mpikisano wa mahatchi wa Durban July, womwe unayamba m'chaka cha 1897. Mahatchi amathamanga mtunda wa mamita 2,200, ndipo pakatha mphindi ziwiri ndi masekondi owerengeka, wopambana amakhala atadziwika. Ku Harare nako, bwalo la Borrowdale Park lakhala likuchititsa mpikisano wa Castle Tankard kwa zaka zoposa 60.

Kale nkhani inkathera pa dzina la hatchi yopambana ndi ndalama zomwe mwiniwake watola. Lero anthu akufunsa zina: ndi mahatchi angati omwe akufera pabwalo, akukwapulidwa kangati, ndipo amapita kuti akaleka kupambana? Zomwe zachitika m'maiko osiyanasiyana zikuonetsa chinthu chimodzi: chisamaliro cha nyamazi chasintha kokha kumene anthu anayamba kuwerenga kuvulala ndi imfa zake, n'kuika chiwerengerocho poyera.

Pa Njuli, m'boma la Chiradzulu, palibe bwalo la mahatchi. M'dziko muno mahatchi ndi ochepa, ndipo ambiri amawadziwira pa phiri la Zomba kapena ku Kande m'boma la Nkhata Bay, komwe alendo amakwerapo. Komabe nkhaniyi ikufika pakhomo m'njira zitatu: kubetcha pa foni kwafala, Amalawi ena omwe ali ku Joni amagwira ntchito m'makola a mahatchi, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi abulu a kuno nawonso amasamalidwa malinga ndi ndalama zomwe akubweretsa.

Thupi lolemera, miyendo yowonda

Hatchi ya mpikisano imalemera pafupifupi makilogalamu 500 ndipo imathamanga liwiro la makilomita 60 pa ola. Kulemera konseko kumatsamira pa miyendo yowonda. Mahatchi ambiri amayamba mpikisano ali ndi zaka ziwiri, pomwe mafupa awo amamaliza kukhwima akafika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kuthamanga mobwerezabwereza kumasiya timing'alu m'fupa tosaoneka ndi maso, ndipo tsiku lina fupalo limathyoka pakati pa mpikisano.

Munthu akathyoka mwendo amamuika chikhakha n'kugona pabedi. Hatchi siingagone nthawi yaitali, ndipo ikatsamira pa miyendo itatu, ziboda za miyendo yotsalayo zimayamba kutupa ndi kuwawa. N'chifukwa chake madokotala a ziweto nthawi zambiri amaibaya jekeseni yoipha pomwepo. Barbaro, hatchi yomwe inapambana Kentucky Derby ku America mu 2006, inathyoka mwendo patangotha masabata awiri. Eni ake anali ndi chuma, madokotala anayesetsa kwa miyezi isanu ndi itatu, koma mu January 2007 anaipha ndithu.

Ngakhale kunja kwa bwalo moyo wake si wa mtambasale. Hatchi ndi nyama yoyenda m'gulu, yodya udzu pang'onopang'ono tsiku lonse. Ya mpikisano imatha kukhala yokha m'chipinda maola oposa 20 patsiku, ikudya chakudya cha mphamvu chambiri, ndipo zilonda za m'mimba n'zofala pakati pa mahatchi otere.

Pomwe anayamba kuwerenga

Ku America, bungwe la Jockey Club linayamba kusunga kaundula wa mahatchi ovulala ndi kufa pa mpikisano. Mu 2009, pa maulendo 1,000 aliwonse omwe mahatchi analowa mumpikisano, awiri ankafa. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 1.32. Sichinatsike chokha. Pakati pa December 2018 ndi June 2019, mahatchi 30 anafa pa bwalo la Santa Anita ku California, ndipo manyuzipepala ankalengeza imfa iliyonse. Mkwiyo wa anthu unathandiza kuti mu 2020 dzikolo likhazikitse lamulo limodzi loyang'anira chitetezo cha mabwalo ndi mankhwala opatsa mahatchi, m'malo mosiyira chigawo chilichonse malamulo akeake.

Nkhani ya mankhwala ndi yaikulu chifukwa mankhwala oletsa ululu amabisa kuvulala. Hatchi yomwe ikanatsimphina n'kupumitsidwa imaoneka yabwinobwino, n'kukathyoka pabwalo. Medina Spirit, yomwe inafika poyamba pa Kentucky Derby ya 2021, inalandidwa chipambano itapezeka ndi mankhwala a betamethasone. Ndipo vutoli silinathe: mu 2023 mahatchi 12 anafa m'masabata ochepa pa bwalo la Churchill Downs, moti mipikisano inasamutsidwira kwina.

Ku Britain, mpikisano wa Grand National wa 2023 unachedwa kuyamba chifukwa cha zionetsero za omenyera ufulu wa nyama, ndipo hatchi yotchedwa Hill Sixteen inafa pa mpanda woyamba kulumpha. Chaka chotsatira, akuluakulu anachepetsa mahatchi opikisana kuchoka pa 40 kufika pa 34.

Chikwapu

Chikwapu ndicho chimaoneka kwambiri pa kanema, choncho ndicho chinayamba kudzudzulidwa. Dziko la Norway linaletsa kukwapula hatchi pofuna kuionjezera liwiro mu 1982, ndipo Sweden inatsatira mu 2022. Ku Britain, kuyambira 2023, wokwera hatchi saloledwa kukwapula kopitirira kasanu ndi kamodzi pa mpikisano wopanda mipanda, kapena kasanu ndi kawiri pa wolumpha mipanda. Akapyola malirewo kanayi, hatchi yake imachotsedwa pa mndandanda ngakhale itapambana. Ku South Africa, bwalo la Turffontein ku Johannesburg linayesa mpikisano wopanda chikwapu mu November 2018, ndipo mu 2019 bungwe la National Horseracing Authority linaika malire a zikwapu 12.

Okwera mahatchi amanena kuti chikwapu cha masiku ano n'chofewa ndipo chimawathandiza kuwongolera nyama yomwe ingaike miyoyo pachiswe. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo ngakhale maiko oletsa aja amasiya mpata woteteza ngozi. Koma chomwe chinasintha khalidwe ku Britain n'chilango chokhudza thumba. Chindapusa chaching'ono wokwera hatchi ankachilipira mosavuta kuchokera pa mphoto. Kulandidwa chipambano kumapweteka mwini hatchi, mphunzitsi wake ndi obetcha omwe.

Liwiro likatha

Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Hatchi ikhoza kukhala ndi moyo zaka 25 kapena kuposerapo, koma yambiri imasiya mpikisano isanakwanitse zaka zisanu ndi ziwiri. Yochita bwino kwambiri imasungidwa kuti ibereke. Ipi Tombe, yobadwira ku Zimbabwe, inapambana Durban July mu 2002, n'kukapambananso ku Dubai mu 2003, ndipo dzina lake likukumbukikabe. Koma pa Ipi Tombe mmodzi pali mahatchi mazanamazana omwe sanapambanepo kanthu.

Mu October 2019, wailesi ya kanema ya ABC ku Australia inaonetsa mahatchi opuma pa mpikisano akuzunzidwa ndi kuphedwa kophera nyama m'chigawo cha Queensland. Mu July 2021, pulogalamu ya Panorama ya BBC inavumbula zofanana ndi zomwezi zokhudza mahatchi a ku Britain ndi Ireland. Ku South Africa, mabungwe oteteza nyama akhala akudandaula za mahatchi omwe amagulitsidwa motchipa, n'kupita m'manja mwa anthu osakwanitsa kuwadyetsa kapena kuwathamangitsa m'mipikisano ya m'tchire yopanda dokotala. Apa ndi pomwe kaundula amafooka: hatchi imalembedwa bwino ikamapanga ndalama, ikatuluka pachipata dzina lake limasowa m'mabuku.

Dzanja lomwe limaidyetsa

Munthu yemwe amadziwa hatchi kuposa wina aliyense ndi wantchito wa m'khola, yemwe amadzuka mbandakucha kuidyetsa, kuipesa ndi kuchotsa ndowe. Iye ndiye amayamba kuona kuti mwendo watentha kapena kuti chakudya chatsala. Koma ndiyenso amalandira zochepa zedi. Mu June 2018, antchito a m'makola a Randjesfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro. Mu September 2020, pa bwalo la Fairview ku Port Elizabeth, komwe tsopano ndi Gqeberha, mkangano wa anthu ochotsedwa ntchito unafika poipa: mahatchi oposa 20 anatulutsidwa m'khola, imodzi inafa, ena anavulala.

Nkhanza zoterozo palibe angazivomereze. Koma zinaonetsa kuti umoyo wa nyama ndi wa woisamalira n'zolumikizana. Wantchito woopa kuchotsedwa, makamaka mlendo yemwe mapepala ake sali bwino, sangalimbe mtima kuuza bwana kuti hatchi isathamange lero. M'chaka chomwecho cha 2020, kampani ya Phumelela, yomwe inkayendetsa mabwalo ambiri m'dzikolo, inagwa pachuma. Ndalama za juga zikachepa, oyamba kumva kuwawa amakhala wantchito wa m'khola ndi hatchi yosapambana.

Kwathu kuno

Woyenda pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, sasowa kuona mbuzi zomangidwa miyendo pa kaliyala wa njinga, nkhuku zolendewera chamutu ndi ng'ombe zothithikana m'lole dzuwa likuswa mtengo. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi ng'ombe za mkaka, zomwe zimakhala m'khola tsiku lonse n'kumadyera momwemo. Monga hatchi ya ku Greyville, ng'ombe yotere imasamalidwa bwino mkaka ukamatuluka. M'chigawo chapakati, abulu okoka ngolo amaoneka ndi zilonda za goli lomwe linapangidwira khosi la ng'ombe.

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza liripo, la Protection of Animals Act, koma maziko ake ndi a nthawi ya atsamunda. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre akuchita mbali yawo. M'boma la Chiradzulu momwemo muli sukulu ya Mikolongwe yophunzitsa alangizi a ziweto, ndipo yunivesite ya Luanar tsopano imatulutsa madokotala a ziweto. Bungwe la African Union nalo, mu February 2024, linagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa. Anthu odziwa ntchito alipo, ndipo mfundo zilipo.

Phunziro la mabwalo a mahatchi n'loti mfundo zimagwira ntchito zikakhala ndi chiwerengero ndi chilango chomveka. Khonsolo ikhoza kulemba ziweto zomwe zafika pamsika zitavulala kapena zitafa, monga momwe imalembera ziphaso za msonkho. Magulu ogulitsa mkaka, omwe amayeza kale malita a mlimi aliyense, akhoza kulembanso matenda ndi imfa za ng'ombe. Nyumba ya Malamulo, yomwe mu 2022 inakonzanso lamulo la juga n'kukhazikitsa bungwe la Magla, ikhoza kuunikanso lamulo la nyama ndi changu chomwecho.

Mlimi ndiye woyamba kupindula. Mbuzi yofika pamsika itathyoka mwendo imagwa mtengo, bulu wa zilonda sakoka katundu wokwanira, ndipo ng'ombe yodwala imasiya banja lopanda ndalama ya fizi. Eni mahatchi a mamiliyoni anadikira kuti makamera awachititse manyazi asanasinthe. Mlimi wa pa Njuli, yemwe ng'ombe imodzi ndiyo banki yake yonse, alibe mpata wodikira chotero.