Nkhalango 27 Inabwezedwa ndi Anthu Osalipidwa

Achinyamata ambiri a ku Chalimbana timadziwa Forest 27 ngati dzina la m'nyuzi, malo a mapuloti ndi nyumba zazikulu kum'mawa kwa Lusaka. Ochepa timadziwa kuti nkhalangoyi inatayikapo kale, ndipo amene anaibweza anali anthu wamba omwe sanalandire ngwee.

Nkhalango ya Lusaka East nambala 27 inatetezedwa ndi lamulo mu 1957, chifukwa ndiko kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira. Mitengo yake imagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, ndipo madziwo amatulukira mu akasupe ndi m'zitsime zathu m'chilimwe. Mu 1983 boma linachotsa chitetezocho. Anthu analowa kudula mitengo ndi kukumba mchenga, ndipo mtsinje unayamba kuuma.

Apa ndi pamene anthu okhala m'mbali mwa mtsinje anapanga komiti yawo. Panalibe wa malipiro. Anayenda m'midzi ndi m'mafamu kusonkhanitsa masiginecha, nalembera boma pempho. Mu 1996, m'nthawi ya a Chiluba, nkhalango inabwerera m'manja mwa lamulo.

Kupambanako kunakhala zaka 21. Mu 2017, 2018 ndi 2019, zigawo za nkhalango zinachotsedwanso pa chitetezo kuti pamangidwe nyumba. Amene anaimirira anali odzipereka omwewo, tsopano pansi pa dzina la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, pamodzi ndi mafumu a Asoli, ndipo nkhani inafika kukhoti.

Ife tikuona phunziro limodzi m'mbiri iyi: gulu la anthu odzipereka limakhala ndi moyo ngati pali wolandira ntchito akulu akatopa. Kampani ikataya wantchito imalemba wina. Kalabu ya kumudzi ikataya mlembi wake, mabuku a misonkhano, makalata ndi mayina a anthu zimatayika naye. Amene anayenda ndi pempho la m'ma 1990 lero ndi agogo athu. Ndani wa zaka 25 amene angafotokoze malire a nkhalangoyi?

Ena adzati, sitili pa ntchito, tigwirenso ntchito yaulere? Funsoli n'lomveka, ndipo kudzipereka sikudyetsa munthu. Koma tiwerengenso mbali ina. Mtsinje ukauma, amene amanyamula zigubu ndife. Amene amasiya dimba la tomato ndi repu ndi makolo amene amatilipirira sukulu. Anzathu a m'tauni ya Chongwe amadziwa bwino mmene zimakhalira damu likaphwa ndipo mipope ikungotulutsa mphepo. Maola awiri a Loweruka ndi otchipa kuposa madzi ogula chaka chonse.

Choyambira n'chaching'ono. Tili ndi mafoni: tikhale pansi ndi akuluakulu amene analipo mu 1996, tijambule mawu awo, tijambulenso mapepala amene anasunga asanadyedwe ndi chiswe. Ife a pa wailesi tingaulutse nkhanizo. Ophunzira a pa Chalimbana University, amene mawa adzakhala aphunzitsi, angazitengere m'makalasi. Nawo akuluakulu atipatse malo enieni m'makomiti, kusunga thumba ndi kulemba maminitsi, osati kungonyamula mipando.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbadwo umodzi sungasunge mtsinje. Funsani kumudzi kwanu kuti msonkhano wotsatira uli liti, ndipo mupite ndi mnzanu.